Kugula graphics card ndi ndalama zochepa: yambani mwatsegula kompyuta yanu

Anthu ambiri akafuna kuwonjezera mphamvu pa kompyuta pogula graphics card, khadi imene imapanga zithunzi za pa sikirini, amayamba ndi kufunsa kuti khadi yamphamvu ndi iti, kapena yotchipa ili kuti. Funso loyamba liyenera kukhala lina: kodi kompyuta imene ndili nayoyi ingalandire khadi yotani? Makompyuta ambiri amene timagwiritsa ntchito kuno ndi ogwirapo kale ntchito m'maofesi a kunja, monga Dell OptiPlex, HP ProDesk kapena EliteDesk, ndi Lenovo ThinkCentre. Ndi makina olimba, koma anapangidwira kulemba makalata, osati kunyamula khadi yaikulu. Munthu akagula khadi asanayang'ane m'kati mwa bokosi, ndalama zimatha kawiri: koyamba pa khadiyo, kachiwiri pokonza zimene zakanika kugwirizana.

Malangizowa ndi a kompyuta ya pa desiki. Ngati yanu ndi laputopu, dziwani kuti pafupifupi m'malaputopu onse chipangizo cha zithunzi chinawotchereredwa pa motherboard, bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, ndipo sichisinthidwa.

1. Tsimikizani kuti vuto ndi khadi

Tsegulani gemu kapena pulogalamu imene imakuvutaniyo. Ikamagwira ntchito, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, kenako pitani pa Performance. Muona CPU (purosesa), Memory (RAM), Disk ndi GPU (chipangizo cha zithunzi).

GPU ikakhala pafupi ndi 100% pamene CPU ili pansi, ndiye kuti khadi yatsopano ikuthandizani. Koma ngati CPU ndi imene yadzaza, khadi yodula izingodikira purosesa ndipo kusintha kukhala kochepa. Memory ikadzaza kapena Disk ikamakhala pa 100% nthawi zonse, ndalama zanu zipite kaye ku RAM ndi SSD, disiki yothamanga kuposa hard drive. Kompyuta ya RAM ya 4GB ndi hard drive yakale imachedwa ngakhale muikemo khadi yanji. Pa magemu a masiku ano, 8GB ndi poyambira chabe, 16GB ndiye pabwino.

Lembaninso ntchito yeniyeni imene mukufuna. Wosewera mpira wa EA Sports FC 24 amafunika GTX 1050 Ti kapena RX 570 kuti gemu ingoyenda, ndipo opanga gemuyo amalangiza GTX 1660 kapena RX 5600 XT kuti iyende bwino. Wokonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe pa Premiere Pro kapena DaVinci Resolve amafunika khadi yokhala ndi chipangizo chofulumizitsa kutulutsa vidiyo, chimene pa makhadi a NVIDIA chimatchedwa NVENC. Wopanga mapositala ndi makhadi a ukwati pa CorelDRAW nthawi zambiri safunika khadi yamphamvu n'komwe.

2. Tsegulani bokosi, yezani ndi lula

Zimitsani kompyuta, zulani pulagi kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe, kenako chotsani chivindikiro cha pambali.

Pa motherboard funani siloti yaitali kwambiri, imene ili ndi kachingwingwi kotsekera kumapeto. Imeneyo ndi PCIe x16, m'mene mumalowa khadi. Musade nkhawa kwambiri ngati ndi PCIe 3.0 pamene khadi yalembedwa 4.0, chifukwa zimagwirizana. Pali makhadi ochepa amene amafooka pa siloti yakale, ndipo ndiwatchula kutsogoloku.

Tsopano yezani. Kuyambira pa kachitsulo kakumbuyo kwa bokosi mpaka pamene pali chinthu choyamba chotchinga, kaya ndi kabokosi ka hard drive kapena zingwe, pali masentimita angati? Makhadi a mafani awiri ambiri amakhala pakati pa masentimita 20 ndi 25, a mafani atatu amafika 30 kapena kupitirira. Onaninso ngati pansi pa siloti pali mpata, popeza makhadi ambiri amadya malo a masiloti awiri.

Ngati bokosi lanu ndi lopyapyala, lija amati SFF, khadi wamba silowa. Mukufunika yolembedwa kuti low profile, yokhala ndi kachitsulo kake kakafupi. Pogula funsani kuti kachitsuloko kalipo, chifukwa ogulitsa ambiri anakataya kalekale, ndipo kukapeza pakokha n'kovuta. M'makompyuta ena opyapyala siloti yaitali inayandikana kwambiri ndi power supply, kabokosi kogawira magetsi m'kompyuta, moti imangolowa khadi ya siloti imodzi. Jambulani m'katimo ndi foni, chithunzicho muzipita nacho kwa ogulitsa.

3. Werengani chomata cha pa power supply

Apa ndi pamene pamathera ndalama za anthu ambiri, ndiye tichedwepo pang'ono.

Pambali pa power supply pali chomata cholembedwa mphamvu yake. Musangokhulupirira nambala yaikulu yolembedwa pamwamba. Funani mzere wa +12V ndi ma ampeya ake, kenako chulukitsani ndi 12. Ngati palembedwa 18A, ndiye kuti ndi 216W, ndipo pa mphamvu imeneyi ndi pamene purosesa ndi khadi zimadyera pamodzi. Ma power supply otchipa opanda dzina amalemba 500W pamwamba koma pa mzere wa 12V amapereka zochepa kwambiri. Mukainyamula yoteroyo imapepuka m'manja, ndipo kupepukako n'chizindikiro.

Manambala atatu awa muwasunge. Siloti ya PCIe payokha imapereka 75W. Chingwe cha mapini 6 chimawonjezera 75W. Chingwe cha mapini 8 chimawonjezera 150W. Choncho khadi yodya 75W kapena kucheperapo ikhoza kuyaka ndi siloti yokha, koma ina iliyonse imafuna chingwe chochokera ku power supply. Fufuzani zingwe zimene zikulendewera m'bokosimo, muone ngati chilipo cholembedwa PCI-E, cha mapini 6 kapena 6+2. Musachisokoneze ndi cha purosesa, chimene chimagawika 4+4. Zimafanana koma mawaya ake anasiyana.

Makompyuta opyapyala a m'maofesi ambiri ali ndi power supply ya pakati pa 180W ndi 260W, yopanda chingwe cha khadi. Choipa china n'chakuti ambiri a Dell ndi HP ali ndi pulagi yawoyawo pa motherboard, osati ya mapini 24 imene ili pa ma power supply a m'mashopu, moti simungangogula ina n'kusintha. Ngati yanu ili choncho, vomerezani kuti malire anu ndi khadi ya 75W. Si zoipa, ndipo pali makhadi abwino m'gulu limeneli.

Wina akuuzani kuti pali kachingwe kosintha pulagi ya SATA kukhala ya mapini 6. Kalipodi ndipo n'kotchipa, koma chonde musakagwiritse ntchito. Pulagi ya SATA inapangidwira mphamvu ya pafupifupi 54W pa 12V. Kuikokera khadi yaikulu kuli ngati kusenzetsa kabaza matumba asanu a chimanga: poyamba iyenda ndithu, koma pokwera mtunda masipoko athyoka. Apa chothyoka ndi pulasitiki kusungunuka, nthawi zina mpaka moto.

Chinthu chinanso: ma power supply akale ena, makamaka ochokera ku America, ali ndi kaswitchi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Magetsi athu ndi 230V. Kakakhala pa 115 mukangolumikiza imaphulika nthawi yomweyo, choncho kayang'aneni pa power supply iliyonse imene mwangoigula.

4. Onani kumbuyo kwa monita

Mamonita ambiri akale ali ndi VGA yokha, pulagi yabuluu ija. Makhadi a magemu kuyambira GTX 1050 ndi RX 400 kupita m'tsogolo anasiya VGA. Ngakhale akhale ndi DVI, ndi ya mtundu wa DVI-D, imene sigwira ndi ka adaputa wamba kosinthira ku VGA. Mufunika kosinthira HDMI kapena DisplayPort kupita ku VGA, kokhala ndi kachipangizo m'kati. Ngati monita ili ndi HDMI kapena DVI, zanu zayera. TV ya HDMI nayo imagwira.

Ngati monita yanu ndi ya 1366x768 kapena 1080p pa 60Hz, simukufunika khadi yopangidwira 4K. Zowonjezerazo simudzaziona.

5. Sankhani m'gulu limene kompyuta yanu ikukwanitsa

Opanda chingwe cha magetsi, 75W kutsika pansi. GTX 1050 Ti ya 4GB inatuluka mu 2016 ndipo imayendetsabe GTA V ndi magemu a nthawi imeneyo bwinobwino. GTX 1650 ya 4GB, ya mu 2019, ndi yamphamvu kuposa iyo, ndipo ndi imene ndingaloze poyamba kwa munthu wa kompyuta ya mu ofesi. Samalani, ma GTX 1650 ena ali ndi pulagi ya mapini 6, ndiye yang'anani m'mphepete mwa khadi musanagule. RTX 3050 ya 6GB, imene inatuluka mu 2024, imadya 70W ndipo ndi yamphamvu kuposa ziwirizi, koma mtengo wake ndi wokwera. Musaisokoneze ndi RTX 3050 ya 8GB, imene imafuna chingwe.

Palinso RX 6400 ya AMD, yodya 53W chabe, imene imapezeka yopyapyala ya siloti imodzi. Imathandiza pamene ina iliyonse yakanika kulowa. Koma iyi ndi mnzake RX 6500 XT zimagwiritsa ntchito njira zinayi zokha za PCIe, moti pa siloti ya 3.0 zimafooka, komanso zilibe chipangizo chotulutsira vidiyo. Wokonza mavidiyo kapena wojambula zimene akusewera azipewe.

Ngati muli ndi power supply yabwino ya 450W mpaka 550W yokhala ndi chingwe cha mapini 8, mwayi ndi wambiri. RX 580 ya 8GB, ya mu 2017, imapezeka yotchipa pafupifupi paliponse, koma imadya 185W ndipo imatentha. Kwa munthu wogula mayunitsi a magetsi mosamala kapena wodalira sola ndi inveta, zimenezi si zazing'ono. GTX 1060 ya 6GB ili ndi mphamvu yofananako koma imadya 120W. GTX 1660 Super ya 6GB imaposa ziwirizi ndipo imadya 125W. Pamwamba pake pali RX 6600 ya 8GB, ya mu 2021, yodya 132W. Kwa ine iyi ndi imene imapereka zambiri pa ndalama ngati cholinga ndi magemu pa 1080p. Wa mavidiyo, wa Blender kapena wofuna kuyesa mapulogalamu a AI pa kompyuta yake aganizire RTX 3060 ya 12GB, chifukwa cha memory yake yambiri komanso poti mapulogalamu ambiri otere amagwirizana bwino ndi NVIDIA.

Makhadi a Intel Arc ali ndi mitengo yokopa, koma amafuna chinthu chotchedwa Resizable BAR kuti agwire ntchito mokwanira, ndipo makompyuta akale alibe. Ngati purosesa yanu ndi yakale kuposa Intel ya m'badwo wa 10 kapena Ryzen 3000, asiyeni.

Kumbukiraninso zaka. Makhadi a GTX 10 ndi RX 500 akugwirabe ntchito, koma opanga ake anachepetsa kale kuwakonzera madalaivala (mapulogalamu oyendetsa khadi) a magemu atsopano, ndipo magemu ena atsopano amafuna khadi yokhala ndi ray tracing, njira yoonetsera kuwala ndi mithunzi ngati zenizeni, kuti angotseguka. Ngati kusiyana kwa mtengo kuli kochepa, tengani ya m'badwo watsopano.

6. Dziwani misampha ya pa msika

Kuchuluka kwa ma GB si mphamvu. Ogulitsa amakonda kunena kuti "iyi ndi ya 4GB" ngati kuti nkhani yatha. GT 730 ya 4GB ndi yofooka kutalitali poyerekeza ndi GTX 1050 ya 2GB. GT 710 ndi GT 730 ntchito yake ndi kungoonetsa chithunzi pa monita, ndipo nthawi zambiri sizisiyana ndi chipangizo chimene chili kale m'purosesa yanu.

GT 1030 ili mitundu iwiri pa dzina limodzi: ya GDDR5 ndi ya DDR4. Ya DDR4 imachedwa pafupifupi ndi theka m'magemu ambiri. RX 580 yolembedwa 2048SP, imene yadzaza m'masitolo a pa intaneti, mphamvu yake ndi ya RX 570. Si yoipa ngati mtengo wake ndi wa RX 570. GTX 1060 ya 3GB nayo si memory yokha imene inachepetsedwa, mphamvunso ndi yocheperako.

Ndiye pali zabodza zenizeni. Anthu amatenga khadi yakalekale monga GTS 450, kuisintha pulogalamu ya m'kati kuti izidzitchula GTX 1050 Ti, n'kuiveka chivindikiro chatsopano. Zizindikiro zake ndi izi: bokosi lopanda dzina la kampani yodziwika monga ASUS, MSI, Gigabyte, Zotac kapena Sapphire, pulagi ya VGA pa khadi imene siyenera kukhala nayo, ka CD ka madalaivala kamene amati mugwiritse ntchito kokhako, ndi mtengo wotsika mosayembekezeka.

Makhadi ambiri akale anagwirapo ntchito yokumba ndalama za crypto usana ndi usiku. Ethereum, imodzi mwa ndalama zimenezi, itasiya njira yokumba ndi makhadi mu September 2022, makhadi amenewa anasefukira pa msika, makamaka RX 570, RX 580 ndi GTX 1660 Super. Sikuti onse ndi owonongeka. Chimene chimatopa kwambiri ndi mafani, ndipo ena anasinthidwa BIOS, pulogalamu ya m'kati mwa khadi, moti madalaivala wamba amawakana. N'chifukwa chake kuyesa n'kofunika.

7. Werengetsani ndalama zonse, osati za khadi yokha

Pa pepala lembani khadi, power supply ngati ikufunika kusinthidwa, chingwe kapena chosinthira cha monita, bando ya intaneti yokopera madalaivala amene amakhala ma MB mazana angapo, ndi chotetezera magetsi. Chomalizachi musachidumphe. Magetsi akazima n'kubwera mwamphamvu ndi pamene zipangizo zimapsa, ndipo surge protector yabwino kapena UPS (kabokosi ka batire kosunga magetsi akazima) ndi yotchipa kuposa khadi ina. Ngati ndalama sizikukwana zonse, tsikani gulu limodzi pa khadi, koma musatsike pa power supply.

Mukaitanitsa kunja kapena kutuma wachibale wochokera ku Johannesburg, wonjezerani ndalama zotumizira ndi msonkho wa pa chipata, ndipo kumbukirani kuti ikakhala yowonongeka kuibweza n'kovuta. Mumpemphe aiyese asananyamuke, ndipo aikulunge m'kathumba kake konyezimira kaja ndi m'bokosi lolimba, osati kungoiponya pakati pa zovala. Khadi yodulirapo pang'ono imene mungaiyese ndi maso anu ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu nthawi zambiri imaposa yotchipa imene mwangoiona pa chithunzi.

8. Yesani musanalipire

Musatumize ndalama pa foni kwa munthu wa pa Facebook kapena m'gulu la WhatsApp khadi musanaione ikugwira ntchito. Wogulitsa wachilungamo sakana kuyesa. Ikani pa fulashi mapulogalamu aulere awa: GPU-Z ndi FurMark kapena Unigine Heaven. Ngati n'kotheka pitani ndi kompyuta yanu yomwe.

Yambani ndi maso ndi mphuno. Tembenuzani khadi, onani ngati kumbuyo kuli malo oderako ngati opsa, dzimbiri, kapena fungo la waya wopsa. Zungulitsani fani iliyonse ndi chala. Iyenera kuyenda mosalala, osagwedera kapena kukhula. Onani mano agolide olowa m'siloti ngati sanakalike.

Ikayaka tsegulani GPU-Z. Fananizani dzina la chipu, nambala ya ma shader (tizigawo towerengera ta m'chipu), mtundu wa memory ndi kukula kwake ndi zimene zalembedwa pa tsamba la TechPowerUp la khadiyo. GTX 1050 Ti yeniyeni ili ndi ma shader 768 ndi chipu ya GP107. RX 580 yeniyeni ili ndi 2304. Makhadi ambiri abodza GPU-Z imawalemba mawu akuti FAKE kutsogolo kwa dzina.

Kenako yendetsani FurMark kapena Heaven kwa mphindi 15 mpaka 20, maso ali pa sikirini ndi pa kutentha. Madigiri 70 mpaka 80 ndi abwinobwino. Ikapitirira 85 n'kumakwerabe, mwina ikungofunika kupukutidwa fumbi ndi kusinthidwa thermal paste (phala lopakidwa pa chipu lochotsa kutentha), ndipo chimenecho ndi chifukwa chokambirana mtengo. Koma mukaona timadontho tamitundumitundu, mizere yodutsa pa sikirini, sikirini kuda, kapena kompyuta kudzizimitsa, bwezani khadiyo ngakhale atsitse mtengo bwanji. Musaope mafani akakhala chete poyamba, makhadi ambiri amawayatsa akayamba kutentha. Yesani mapulagi onse a kumbuyo, osati imodzi yokha. Pomaliza pemphani masiku angapo oti mukhoza kuibweza, ndipo mgwirizanowo ulembedwe ngakhale pa uthenga wa pa foni.

9. Kuika khadi

Ngati munali ndi khadi ina, makamaka ya kampani yosiyana, chotsani madalaivala akale ndi pulogalamu ya DDU mu Safe Mode, njira yoyatsira Windows ndi zofunikira zokha. Koperanitu madalaivala atsopano pa tsamba la NVIDIA kapena AMD lenileni.

Zimitsani, zulani pulagi, gwirani chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi achoke. Masulani kachitsulo kotchinga kumbuyo. Ngati m'siloti muli khadi yakale, kankhani kaye kachingwingwi ka pa siloti musanaikoke, apo ayi muzula siloti yonse. Gwirani khadi yatsopano m'mphepete, ilunjikitseni, ikankheni molingana mbali zonse mpaka mumve kuti thi. Imangeni ndi sikuluu, kenako lowetsani chingwe cha magetsi mpaka kachingwingwi kake kagwire.

Chingwe cha monita chilowe pa khadi, osati pa mapulagi a motherboard amene ali pamwamba. Apa ndi pamene ambiri amaganiza kuti agula khadi yakufa pamene ili bwinobwino.

Sikirini ikakhala yakuda, zimitsani, tulutsani khadi n'kuibwezeranso, onaninso chingwe cha magetsi, ndipo yesani pulagi ina. Makompyuta a cha m'ma 2011 ndi 2012 nthawi zina amakana makhadi atsopano mpaka BIOS ya motherboard itasinthidwa kukhala yatsopano kuchokera pa tsamba la opanga kompyutayo. Kusintha BIOS kuchitike kompyuta ili pa UPS kapena inveta, chifukwa magetsi akazima pakati motherboard ikhoza osayakanso.

Zikayenda, ikani madalaivala, yambitsaninso kompyuta, ndipo sewerani kapena gwirani ntchito kwa ola limodzi mukuyang'ana kutentha. Kompyuta ikamazima yokha pamene gemu yafika povuta, kayikirani power supply musanakayikire khadi. Bokosi lichoke pansi pa simenti likhale pa tebulo, pamalo opita mphepo, ndipo miyezi yafumbi ndi yotentha, kuyambira August mpaka November, muzilitsegula n'kupemerera fumbi mutagwira mafani ndi chala kuti asazungulire. Khadi yakale musaigulitse msanga, idikire kaye mpaka masiku obwezera yatsopanoyo atatha.